Makutu ndi mfuti: zoyenera kuchita chipolopolo choyamba chisanalire

Mwa abale athu olankhula Chichewa kuno ku Harare, kaya ku Mbare, Mufakose, Mabvuku, Epworth kapena Dzivarasekwa, alipo ochuluka amene nsima yawo imachokera pogwira mfuti. Ena ndi alonda a makampani, ena amaperekeza magalimoto onyamula ndalama, ena ali kupolisi kapena kuusilikali, ndipo ena amalondera migodi ndi mafamu kunja kwa mzinda. Onsewa amaphunzitsidwa mwakhama kumene mfuti iyenera kuloza ndi nthawi yoika chala pa kachitsulo kowombera. Nkhani ya makutu imangotchulidwa mothamanga, mwinanso osatchulidwa n'komwe.

Chimene chimandiwawa ndi mawu amene achikulire pantchitoyi amakonda kuuza anyamata: "Limbani mtima, muzolowera." Khutu silizolowera mfuti. Munthu akanena kuti masiku ano kulira kwa mfuti sikumusokosanso, ndiye kuti mbali ina ya khutu lake inafa, ndipo n'chifukwa chake phokosolo akulimva pang'ono. Mkatikati mwa khutu muli kachiwalo kopindikapindika kotchedwa cochlea, ndipo m'menemo muli timaselo tatsitsi pafupifupi 15,000 timene timasandutsa kugwedezeka kwa mpweya kukhala mawu amene ubongo umamva. Timeneti tikafa sitimeranso. Palibe jakisoni, mankhwala azitsamba kapena opaleshoni yotibwezeretsa.

Yambani mwadziwa kukula kwa phokoso limene mukulimbana nalo

Phokoso amaliyeza m'ma decibel. Anthu awiri akamacheza bwinobwino amakhala cha m'ma 60. Bungwe la NIOSH, loona za umoyo wa anthu pantchito ku America, limati munthu asakhale m'phokoso la 85 kupitirira maola 8 patsiku, ndipo phokoso likakwera ndi 3 yokha, nthawiyo idulidwe pakati. Ndiye kuti pa 88 ndi maola 4, pa 91 ndi maola 2, ndipo pa 100 ndi mphindi 15 basi. Kwa phokoso lobwera kamodzin'kamodzi, malire a munthu wamkulu ndi 140. Kupitirira apo, kulira kumodzi kokha kukhoza kusiya chilema.

Kamfuti kakang'ono ka .22 kamafika kale cha m'ma 140 momwemo. Pisitolo ya 9mm, shotigani, AK-47, FN ndi .303 yakale ija imene alonda ena akadali nayo, zonsezi zimalira pakati pa 155 ndi 170. Mizinga ndi zida zina zikuluzikulu za asilikali zimafika ku 180. Manambalawa asakunamizeni kuti ndi oyandikana. Mphamvu ya phokoso la 160 imaposa ya 140 maulendo 100.

Zipolopolo zopanda mutu zimene amawombera pamaliro a asilikali kapena poyeserera nkhondo sizipha, koma kukhutu n'zoopsa ndithu.

Sankhani chotsekera chenicheni

Thonje, tishu, fyuluta ya ndudu ndi zikhokhombe za zipolopolo zimene asilikali ena amatola pansi n'kulowetsa m'makutu, zonsezi zichotseni m'maganizo. Zimangokupatsani mtima woti mwadziteteza pamene phokoso likudutsa pafupifupi lonse. Kutsegula pakamwa mzinga ukamalira nakonso sikupulumutsa timaselo tija.

Zotsekera zoona zilipo za mitundu iwiri ikuluikulu. Pali tolowetsa m'khutu, tina ta siponji yofewa, tina ta labala tokhala ndi timapiko tiwiri kapena titatu. Palinso zovindikira khutu lonse, zooneka ngati mahedifoni aakulu, zimene m'masitolo amazitcha earmuffs. Zonsezi zimapezeka m'masitolo ogulitsa zovala zapantchito, kumene mumagula magambutsi, maovolosi ndi zisoti, ku Graniteside, Southerton, Msasa ndi m'tauni momwe. Ta siponji n'totchipa kwambiri, ndipo tikaikidwa bwino ndito timatseka koposa zina zonse.

Pogula, tembenuzani paketi muone nambala yosonyeza ma decibel a phokoso amene chotsekeracho chimachotsa, yolembedwa NRR, kapena SNR ngati katunduyo anapangidwira ku Europe. Ta siponji tabwino timakhala ndi NRR ya 29 mpaka 33, pamene zovindikira zambiri zili pakati pa 20 ndi 30. Paketi yopanda nambala iliyonse isiyeni pomwepo, ngakhale wogulitsa alumbire. Dziwaninso kuti nambalayo anaipeza poyesa anthu amene anaikidwa chotsekeracho mosamala kwambiri. Munthu woika mwachisawawa amapeza theka lake kapena kucheperapo. Choncho luso lonse lili m'zala zanu.

Chida chodula sichitsimikiza kanthu pachokha. Mu 2023 kampani ya 3M inavomera kulipira madola pafupifupi 6 biliyoni pothetsa milandu ya asilikali a ku America amene ankati totsekera tina tamtundu wa Combat Arms tinkamasuka m'khutu iwo osadziwa. Ngati zinachitika kwa asilikali a dziko lolemera chotero, ife tiyenera kuyesa chotsekera chilichonse m'khutu mwathu tisanachikhulupirire.

Kaikidwe ka totsekera ta siponji

Pano ndichedwapo, chifukwa ndi pamene ambiri amalakwitsa. Mukayang'ana mzere wa anthu okonzeka kuwombera, mudzaona timasiponji tachikasu kapena taolenji titatulukira kunja kwa makutu, titangokodwa pakhomo. Oterowo ali ngati sanavale kanthu.

Sambani m'manja kaye. Zala zimene zagwira mafuta a mfuti ndi zipolopolo zimakhala ndi mtovu, ndipo dothi lolowa m'khutu limayambitsa zilonda.

Tengani kasiponjiko mukapote pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala. Yambani pang'onopang'ono, kenako muwonjezere mphamvu mpaka kachepe, kakhale kowongoka, kopanda makwinya. Musangokafinya mbali imodzi kuti kaphwatalale, chifukwa makwinya amasanduka tinjira ta phokoso kakafufuma.

Tsopano dzanja lina lidutse pamwamba pa mutu ligwire nsonga yapamwamba ya khutu limene mukufuna kutseka. Ngati ndi khutu lakumanja, likokeni ndi dzanja lamanzere. Kokerani m'mwamba ndi cham'mbuyo. Njira ya m'khutu ndi yokhota, ndipo kukoka kumeneku kumaiwongola. Ambiri amadumpha apa poona ngati n'zachibwana, komatu popanda kukoka kasiponjiko kamathera pakona.

Lowetsani msanga kasanayambe kufufuma, ndipo mukagwirire ndi nsonga ya chala kwa masekondi 20 mpaka 30. Mudzamva phokoso la pamalopo likuzilala pang'onopang'ono pamene kakudzaza njirayo. Musachotse chala msanga, kangadzikankhire kunja.

Mukatseka onse awiri, dziyeseni. Lankhulani mokweza: mawu anu amveke akuya, ochokera mkati mwa mutu, mofanana mbali zonse. Kenako vindikirani makutu ndi zikhatho mwamphamvu n'kuchotsa. Ngati phokoso likusintha kwambiri povindikira ndi pochotsa, totsekerato sitinakhale bwino, yambiraninso. Mnzanu woima kutsogolo kwanu asakaone kasiponjiko, kapena aone kansonga chabe. Muzichitirana zimenezi awiriawiri musanapite pamzere, monga mumayang'anirana mfuti ngati ilibe chipolopolo.

Makutu sakhala ofanana. Alipo amene njira yawo ndi yopapatiza, makamaka amayi ambiri, ndipo ka siponji wamba kamawapweteka kapena kamakana kulowa. Tilipo tating'onoting'ono topangira oterowo, funsani. Pochotsa, potolozani pang'onopang'ono, osazula mwamphamvu. Ka siponji kakada, kakauma, kapena kakaleka kufufuma, katayeni. Ta labala timatsukika ndi sopo ndi madzi ofunda, tiume tisanabwerere m'kabokosi kake.

Zovindikira khutu lonse

Izi n'zosavuta kuvala, koma mphamvu yake yonse ili pa khushoni yozungulira khutu. Pakangokhala kampata, phokoso lalowa. Timiyendo ta magalasi, mphepete mwa bereti kapena kapusi, tsitsi lambiri, chipewa cha ubweya cha m'nyengo yozizira ya June ndi July, zonsezi zimatukula khushoni. Magalasi oteteza maso ndi ofunika powombera, choncho sankhani a timiyendo topyapyala. Lamba wake akhale pamwamba pa mutu ndipo agwire zolimba. Musamutambasule kuti amasuke.

Wowombera mfuti yaitali ali ndi vuto lina. Akatsamiza tsaya pa thako la mfuti, thakolo limakankha chovindikira n'kuchitsegula pa nthawi yeniyeni yowombera. Yesani mfuti ilibe chipolopolo: tsamizani tsaya monga mwa masiku onse, mnzanu aone ngati chasuntha. Chikasuntha, funani chopyapyala cham'munsi.

Khushoni imauma ndi thukuta ndi dzuwa, makamaka m'kutentha kwa October. Ikang'aluka kapena kuuma gwa, isintheni. Zovindikira za kampani zimene zakhala m'sitolo zaka zambiri, zovalidwa ndi gulu lililonse lobwera, ziyang'aneni bwino musanazikhulupirire.

Powombera, valani zonse ziwiri

Ta siponji mkati, zovindikira pamwamba. Manambala ake saphatikizana ngati ndalama: 33 ndi 25 sizipanga 58. Chachiwiricho chimangowonjezera pafupifupi 5 pa chachikulucho, chifukwa phokoso lina limafika mkati kudzera m'mafupa a mutu. Koma 5 imeneyo ndi yaikulu pa muyeso uwu, ndipo chofunika koposa n'chakuti chimodzi chikamasuka, chinacho chimakhala chikadagwira. Pa mfuti yaitali, pa malo owombera a m'nyumba kapena a denga la malata, ndiponso kwa aphunzitsi amene amaima pamzere tsiku lonse, ine sindiona chifukwa chomveka chovalira chimodzi chokha.

Valani musanafike pamzere, ndipo muvule mutachoka. Makutu ambiri amawonongeka ndi chipolopolo cha mnzako, chimene chalira iwe utatukula chovindikira kuti umve zimene bwana akunena. Aphunzitsi, chonde, perekani malangizo onse anthu asanatseke makutu, mugwirizane zizindikiro za manja, mbendera kapena wezulo, ndipo mfuti isalire mpaka mutayenda mzere wonse n'kuona khutu lililonse.

Poima pamafunikanso nzeru. Phokoso limakula kutsogolo ndi m'mbali mwa kamwa la mfuti, limachepa kumbuyo. Panja poyera, mtunda ukawirikiza kawiri phokoso limatsika ndi 6, choncho amene sakuwombera adikire chapatali. Khoma, galimoto ndi denga zimabweza phokoso. Mfuti zina zili ndi kachitsulo kamabowo kunsonga kochepetsa kukankha paphewa, ndipo kameneka kamaponyera phokoso kwa woima pambali. Musayandikane ndi wowombera mfuti yotero.

Chodabwitsa ambiri n'chakuti wowombera mfuti yaitali ndi phewa lakumanja amayamba kugontha khutu lakumanzere. Mutu ukapendekera pa mfuti, khutu lakumanja limabisala paphewa, lakumanzere n'kuyang'ana kumene kukuchokera phokoso. Ndiye amene amatseka khutu limodzi lokha, lapafupi ndi mfuti, akutseka lolakwika.

Nanga paulonda weniweni?

Mlonda ali pageti usiku sangatseke makutu. Ayenera kumva phazi pamiyala, waya ukudulidwa, galu akuuwa, wailesi ikuitana. Izi n'zoona ndipo sindikutsutsa. Tsiku limene achifwamba afika, mudzawombera makutu ali pamtunda, ndipo moyo ndiwo udzakhale patsogolo. Koma werengani zipolopolo zimene mwawombera chiyambire ntchito. Kwa ambiri, pafupifupi zonse zinali za pophunzira ndi poyesedwa, pamene nthawi yotseka makutu inalipo yokwanira. Tetezani pamenepo kuti khutu lidzakhale ndi mphamvu pa tsiku loipalo.

Kwa amene ngozi yowomberana ili pafupi tsiku ndi tsiku, monga operekeza ndalama, zilipo zida zolola mawu wamba kudutsa n'kutchinga kuphulika. Tina ndi tolowetsa m'khutu tokhala ndi kasefa mkati. Zina ndi zovindikira za mabatire, monga za Peltor kapena Howard Leight, zokhala ndi maikolofoni kunja: mumamva anzanu bwinobwino, koma mfuti ikalira zimadula. N'zodula, ndipo ndi zinthu zoti kampani igule. Muziyese masana kaye, chifukwa zimasokoneza pang'ono kudziwa mbali imene mawu akuchokera, ndipo muzikhala ndi mabatire apadera m'thumba.

Kwa asilikali, mfuti ndi gawo chabe. Mkati mwa galimoto yankhondo ndi mwa helikopita phokoso limafika ndi kupitirira 100, ndipo munthu amakhalamo maola. Okonza ndege kubwalo la ndege zankhondo la Manyame, oyang'anira majenereta, okonza magalimoto ndi oimba bandi amagontha mwakachetechete, popanda tsiku limodzi loti n'kuloza. Muyeso wapafupi ndi uwu: ngati muyenera kukuwa kuti munthu woima potalika mkono umodzi akumveni, malowo afika kale cha m'ma 85, tsekani makutu. Totsekera tikhale pa yunifolomu nthawi zonse, m'kabokosi komangirira pa lamba kapena pa batani. Tosiyidwa m'chikwama kukampu sitithandiza munthu.

Kumbukiraninso kuti khutu limasonkhanitsa phokoso la tsiku lonse. Amene masana amagwira chopukusira zitsulo ku Siyaso, usiku n'kukalondera pafupi ndi jenereta, Loweruka n'kukhala pafupi ndi sipika kuukwati, akuwonjezera pa bala lomwelo. Mukachoka kowombera, lipatseni khutu tsiku labata, osati mahedifoni okweza mpaka kumapeto m'kombi.

Ana musapite nawo pafupi ndi mfuti zikulira. Pa phokoso lobwera kamodzin'kamodzi, bungwe la WHO, loona za umoyo padziko lonse, limaika malire a ana pa 120, pansi kwambiri pa a akuluakulu. Pa zikondwerero za August, za Heroes ndi za Defence Forces, pamene mizinga imalira ndi ndege zankhondo kudutsa chapansi, khalani nawo patali, ndipo ngati mungathe agulireni zovindikira zazing'ono. Tolowetsa m'khutu si ta makanda, angatimeze.

Mukatha kuwombera, limvetsereni khutu

Ngati makutu akulira ngati nyenje, kapena mawu a anthu akumveka ngati akuchokera kuseri kwa chitseko, ndiye kuti chitetezo chinalephera tsiku limenelo. Nthawi zambiri zimatha pakapita maola kapena tsiku limodzi kapena awiri, ndipo munthu amati wachira. Koma ulendo uliwonse umasiya kachilema kake, mpaka tsiku lina kulirako sikuchokanso. Ku America, kulira kwa m'makutu kumeneku ndiko chilema chimene asilikali opuma ambiri amalandirira chipukuta misozi kuposa china chilichonse.

Ugonthi wa phokoso umayamba ndi mawu opyapyala, cha m'ma 4,000 Hz pa muyeso wa kupyapyala kwa mawu. Mawu aakulu mumawamva, choncho mumakana kuti muli ndi vuto. Zimene zimasowa ndi timawu monga s, f, ts ndi ch. Mumamva kuti mayi a kunyumba akulankhula koma mawuwo sakugwirika. Adzukulu mumawanena kuti amameza mawu. Kutchalitchi, kumzikiti kapena pamaliro, pamene anthu ambiri akulankhulira pamodzi, mumangogwedeza mutu. Apabanja ndiwo amayamba kuzindikira, ndipo akakuuzani kuti wailesi mwakweza kwambiri, musawakalipire.

Pali zizindikiro zosadikira mawa. Khutu likasiya kumva mwadzidzidzi pambuyo pa kuphulika, likatuluka magazi kapena madzi, likamapweteka kwambiri, kapena mukamamva chizungulire, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Asilikali ndi apolisi ayambire kwa dokotala wa kukampu. Enafe tiyambire kukiliniki yapafupi kuti atitumize kwa madokotala a makutu, mphuno ndi mmero ku Parirenyatwa kapena ku Sally Mugabe. Pa ugonthi wadzidzidzi madokotala amatha kupereka mankhwala ochepetsa kutupa mkati, koma amathandiza akaperekedwa m'masiku oyambirira. Ngati nembanemba ya m'khutu yang'ambika, kawirikawiri imapola yokha pa masabata angapo, bola musathiremo kanthu: mafuta ophikira ayi, madzi a zitsamba ayi, mankhwala odonthezera a mnzanu ayi. Posamba khutulo likhale louma, ndipo musabwerere kowombera dokotala asanalole.

Muuzeninso dokotala za mankhwala amene munalandirapo. Kwinini, jakisoni wa gentamicin, ndi majakisoni ena a TB monga streptomycin, kanamycin ndi amikacin amatha kufooketsa khutu, ndipo khutu lotero phokoso limalipweteka msanga.

Yezetsani, ndipo pepalalo mulisunge

Kuyeza makutu sikupweteka. Mumakhala m'kachipinda kabata mutavala mahedifoni, n'kumadina batani mukamva kaphokoso. Zotsatira zake zimajambulidwa pa pepala lotchedwa audiogram. Yezetsani poyamba ntchito, kenako chaka chilichonse, ndipo musanapite khalani maola osachepera 14 kutali ndi phokoso kuti zotsatira zikhale zoona. Pepala loyambalo ndi lamtengo wapatali, chifukwa ndilo lidzasonyeze kuti munalowa ntchito mukumva bwino.

Kwa ogwira ntchito m'makampani, za ngozi ndi matenda a pantchito zili m'manja mwa NSSA, bungwe la boma loona za penshoni ndi chipukuta misozi cha antchito, pansi pa lamulo la Statutory Instrument 68 la 1990, limene limafuna kuti olemba ntchito apereke zodzitetezera kwa antchito awo. Kupempha totsekera m'makutu si mwano. Pemphani mwaulemu, makamaka polemba, ndipo ngati muli ndi komiti ya antchito, nkhaniyi idutse kumeneko kuti isakhale ya munthu mmodzi. Mfuti ikakulirirani pafupi muli pantchito, ngakhale musakhale ndi bala looneka, onetsetsani kuti zalembedwa m'buku la zochitika tsiku lomwelo: deti, nthawi, mtundu wa mfuti, mtunda umene munaima, khutu limene likulira, ndi mayina a amene analipo. Jambulani tsambalo pafoni, ndipo mukapita kuchipatala mupemphe dokotala alembe m'khadi mwanu kuti vutolo linayamba ndi kulira kwa mfuti pantchito.